Mutu 6: Makutu a Bambo Lombe

1. Minibasi yabweranso

Kuseri kwa siteshoni ya mabasi ku Petauke kuli kashedi ka malata. Pakhomo pake analembapo ndi penti yofiira kuti, "Kwa Lombe: Mawailesi ndi Masipika a M'galimoto." Penti inafwifwa kalekale, koma palibe dalaivala amene ankasochera.

A Lombe anabwera kuchokera ku migodi ali mnyamata, nakwatira a Consolata a ku Nyampande, ndipo za kubwerera kwawo zinathera pomwepo. Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ankaika nyimbo m'magalimoto a anthu. Madalaivala ankati minibasi imene sinapite kwa a Lombe ili ngati ndiwo zopanda mchere.

Mwana wawo Olipa anali m'Giledi 11. Loweruka lililonse ankathandiza atate ake pashedipo, ndipo kuwotcherera mawaya ankakudziwa kuposa kukazinga mazira. Vuto lake linali limodzi, lomwe ambiri a inu owerenga mukulidziwa bwino. Mahedifoni sankachoka m'makutu mwake. Amayi ake ankati mwana ameneyu adzapita nawo ndi kuukwati komwe.

Loweruka limenelo a Lombe analawirira kupita ku Minga kukaona wailesi ya galimoto ina. Olipa anali yekha, akusankha timisomali m'chitini, mutu ukugwedera ndi nyimbo. Sanamve hutala. Anangoona mthunzi, ndipo atadzutsa mutu anapeza Eddie ataima patsogolo pake, manja m'chiuno.

Eddie ankayendetsa minibasi yoyera pakati pa Petauke ndi Nyimba. Lachinayi lapitalo a Lombe anamuikira masipika atsopano pamodzi ndi matwita awiri. Matwita ndi timasipika tating'ono tokhala pafupi ndi galasi lakutsogolo, totulutsa mawu ang'onoang'ono akuthwa a m'nyimbo.

"Chotsa kaye tunthu uto m'makutu," anatero Eddie. "A Lombe ali kuti?"

"Apita ku Minga. Abwela chakumasana."

"Bwela umve wekha zimene anichitila."

Olipa anakwera kumpando wakutsogolo. Eddie anayatsa wailesi, nkuika nyimbo ya kwaya. Amayi oimba atangokweza mawu, Olipa anatsinzina. Phokoso lake linali lolasa, ngati munthu akukanda mbale yachitsulo ndi supuni pafupi ndi khutu.

"Waona?" anatero Eddie akuzimitsa. "Mailo Lachisanu mwana analila kuchoka pano mpaka ku Nyimba. Amai ena ananena kuti nikafuna kuwagonthetsa niwatsitse panjila. Ine ni dalaivala, sinine msula zitsulo."

"Tikonza, a Eddie."

"Iyi ni motoka yachitatu, Olipa. Ya Kelly inali chimodzimodzi, ya Simon chimodzimodzi. Pa siteshoni anthu akamba kuti manja a atate ako anakalamba. Ine niwalemekeza, ndiye chifukwa nabwela kuno poyamba. Koma ikakhala so mpaka madzulo, nikachotsetsa zonse kwa anyamata a ku Nyimba. Ndipo udziwa madalaivala mmene tilili. Komwe wapita mmodzi, tonse tipita komweko."

Anamuponyera makiyi nkupita kukadya.

Olipa anasuzumira pansi pa dashibodi. Mawaya anali olumikizidwa bwino, mwaukhondo, monga mwa ntchito ya atate ake nthawi zonse. Koma matwita anali atalozetsedwa pagalasi, mawu akuthwa pawailesi atakwezedwa mpaka kumapeto. Ndipo pawaya wa matwita panalibe lezisita, kanthu koyera kangati choko chothyoka komwe kamachepetsa mphamvu yopita ku twita.

Kale atate ake sankaiwala lezisita. Koma chaka chino chitini chake chinali chitadzaza fumbi pashelefu. "Matwita a masiku ano ni aulesi," ankatero a Lombe. "Ukawaikila lezisita angogona."

Matwita a Eddie sanali aulesi ngakhale pang'ono. Olipa anachita mantha ndi zimene zinamubwerera m'mutu.

2. Zimene amayi ankadziwa

Ntchitoyo inali ya mphindi makumi awiri basi. Olipa akanatha kuika malezisita awiri, kubisa mawaya, Eddie nkunyamuka akusekerera, atate osadziwa kanthu. Anatsitsa chitini, nkuchipukuta fumbi. Kenaka anachibwezera, natseka shedi, nathamangira kumsika.

A Consolata ankasoka zovala pakhonde la sitolo ina. Ataona nkhope ya mwana wawo anaimitsa makina.

"Wapsa ni chitsulo chowotchelela?"

"Iyayi, amai. Nifuna kufunsa. Atate amamva bwino?"

A Consolata anadula ulusi ndi mano, napinda nsalu, namulozera Olipa kabenchi.

"Lomba waona nawe," anatero motsitsa mawu. "Newo papita zaka ziwili nidziwa. Nikawaitana nili kumbuyo kwawo, sacheuka. Ketulo ikalila, amangokhala. Foni yawo ninawasinthila kalilidwe, ninaika ka ng'oma, chifukwa kakale kaja sanali kukamva. Ninawauza kuti kakale kananitopetsa."

"Nanga osawauza bwanji?"

"Mantha, mwana wanga. Munthu amene amadya ni makutu, umuuza bwanji kuti makutu akutha? Ninati mawa, ninati mawa, zaka ziwili zapita."

Olipa anafotokoza za Eddie, za Kelly ndi Simon, ndi za chitini chafumbi chija. Anamaliza ndi mawu ofulumira. "Ningakonze nekha, amai. Loweluka lililonse nizikonza mwakabisila. Atate sazadziwa."

A Consolata anamugwira dzanja.

"Mvela, Olipa. Loweluka uzakonza. Nanga Lolemba, iwe uli kusukulu, azakonza ndani? Motoka zizapitiliza kubwela, zizapitiliza kupita ku Nyimba, ndipo atate ako azakhala pashedi paja kudabwa kuti analakwila ndani. Anthu azawapatsa moni mwaulemu, akapotoloka aziseka. Tsiku lina mnyamata wina wopanda mwambo azawauza pagulu pa anthu, pa siteshoni. Ufuna akamve kwa ameneyo?

"Usatengele newo. Ninaganiza kuti nikuwasungila ulemu, koma ninali kusunga mtima wanga kuti usawawe. Ukabisa matenda, malilo azaulula. Chikondi chobisa choonadi chimakoma lelo chabe. Wakutsina khutu ndiye mnansi, ndipo palibe mnansi woposa mwana wako.

"Koma ukafuna kuwauza, uwauze monga mwana. Osati pa anthu, osati mokweza mawu, osati monga mphunzitsi wapeza wolakwitsa samu. Nchito imene uidziwa anakuphunzitsa ni iwowo. Usaiwale zimenezo."

"Akakwiya?"

"Akakwiya azaleka. Nakhala nawo zaka zambili, mkwiyo wawo sufika madzulo." A Consolata anapukuta m'maso ndi kansalu kotsala. "Kapena tidikile, nikawauze newo kunyumba?"

Olipa anayang'ana makiyi a Eddie m'dzanja lake. Madzulo sanali kutali.

"Nizawauza ine," anatero, naimirira.

3. Waya m'dzanja

A Lombe anafika dzuwa lili pamutu, thumba la zipangizo paphewa, fumbi la ku Minga mpaka m'nsidze. Ataona minibasi yoyera anamwetulira.

"Eddie wabwelanso? Afuna tiwonjezele? Ninamuuza kuti matwita aja ni ofooka."

"Atate, tiyeni tikwele mumve."

Analowa awiriwo kutsogolo. Olipa anatseka zitseko ndi mawindo onse, ngakhale kunali kotentha. Anali ndi chisoni asanayambe nkomwe.

"Muzikumbuka masewela amene munali kuniphunzitsa nili mwana?" anafunsa. "Munali kuniuza kuti nitsinzine, imwe muchotsa waya umodzi, ine ninene sipika imene yaleka."

"Unali kulephela wufa yekha, sipika ya mawu akulu ogunda ija," anaseka a Lombe. "Unali kuti ni motoka ikudutsa."

"Lelo mutsinzine ndimwe. Nizachotsa waya wa matwita. Mukamva kuti aleka, mukweze dzanja."

"Ufuna kuyesa mphunzitsi wako? Chabwino."

Anatsamira pampando, natsinzina, manja pamaondo. Olipa anayatsa nyimbo ya kwaya ija. Anadikira pang'ono, napisa dzanja pansi pa dashibodi, nasolola waya. Nthawi yomweyo kulasa konse kunatha. Nyimbo inakhala ngati ikuimbidwa kuseri kwa chitseko.

Dzanja la a Lombe silinasunthe.

Amayi a kwaya anamaliza ndime yoyamba, nalowa yachiwiri. A Lombe ankagwedeza mutu pang'onopang'ono, akumwetulira, kudikira kuti amugwire mwana wawo. Olipa ankayang'ana dzanja lija ndi kulipempherera kuti likwere. Nyimbo inatha.

"Nanga uchotsa liti?" anafunsa a Lombe akutsegula maso.

Olipa anangokweza waya uja, misozi ikutsika.

A Lombe anayang'ana waya, nayang'ana matwita, nayang'ananso waya. Anautenga m'dzanja la mwana wawo, naupotokola ndi zala ngati akuuona koyamba.

"Unachotsa liti?"

"Pa ndime yoyamba, atate."

"Ndiye Eddie sanabwele kuti tiwonjezele."

"Iyayi. Akuti alasa m'makutu. A Kelly ni a Simon naonso."

Kunja wogulitsa nzimbe anadutsa akuitanira malonda. Olipa anadikira mkwiyo, koma sunabwere. A Lombe anatsitsa windo pang'ono, nayang'ana kumitengo ya kuseri kwa siteshoni.

"Olipa, niuze zoona. Nkhululu zikali kulila kunyumba kwathu?"

"Zimalila, atate. Tsiku lililonse."

"Ine ninali kuti zinatha ni mankhwala a m'minda." Anaseka pang'ono, koma kuseka kwake kunali kowawa kumva. "Ninauzako ni anzanga kuti dziko lasintha, tuzilombo tonse tunatha."

Olipa anagwira mkono wa atate ake. Iwo anaika dzanja lawo pamwamba pa lake, nakhala choncho kanthawi. Kenaka analoza mahedifoni amene ankalendewera pakhosi pake.

"Nili msinkhu wako, ku migodi, tinali kupikisana kuti ndani angaime pafupi ni sipika nthawi yaitali. Ine ninali katswili. Nikabwela kunyumba makutu akulila, ninali kunyada, kuti lelo ndiye tavina. Amene ananiphunzitsa nchito, a Malama, anali kuniuza kuti, 'Lombe, ng'oma yolilitsa sichedwa kung'ambika. Ukamayesa sipika yamba pansi, ukwele pang'onopang'ono. Khutu si fyuzi yakuti ikapsa ugula ina.' Ine ninali kuti mdala uyu ni wamantha.

"Mvela bwino, mwana wanga. Khutu silifa tsiku limodzi. Silituluka magazi, silitupa, silikuuza kanthu. Limayamba na kulila kwa kanthawi, monga udzudzu, phokoso likatha. Kumeneko ndiko kudandaula kwake. Ukapanda kumvela, mawu ang'onoang'ono ayamba kuchoka limodzi limodzi, ndipo iwe uganiza kuti dziko ndilo lakhala chete. Taona ine. Nakhala nikulasa anthu m'makutu chaka chonse, nikunena kuti matwita ni aulesi."

"Pepani, atate."

"Upepesa chani? Kunali bwino nimve kwa Eddie pa siteshoni?" Anapukuta nkhope ndi chipewa. "Amai ako adziwa?"

"Adziwa."

"Ndiye chifukwa foni yanga ilila monga ng'oma ya ku chinamwali." Nthawi iyi anaseka zenizeni. "Katenge chitini chija."

4. Ulendo wa ku Nyimba

Anagwira ntchito awiri. A Lombe anawotcherera lezisita pawaya wa twita lililonse, manja awo osanjenjemera ngakhale pang'ono. Anatembenuza matwita kuti asalozenso pagalasi, chifukwa galasi limabweza mawu akuthwa kunkhope ya munthu. Kenaka anabweza mawu akuthwa pawailesi kufika pakati.

"Lomba khala pampando wa dalaivala," anatero. "Tsinzina. Uniuze."

"Akali kulasa pang'ono, amai aja akakweza."

A Lombe anachotsa malezisita aja naika ena okulirapo.

"Apa afooka kwambili. Maseche samveka."

Anayesa achitatu, apakatikati. Olipa anamvetsera ndime yonse, napita kumpando wakumbuyo, namvetseranso.

"Apa ndiye pomwepo, atate."

"Kwa ine zonse zitatu n'chimodzimodzi," anatero a Lombe akukulunga tepi pawaya. "Koma nakukhulupilila."

Eddie atabwera sanafune zomvera pashedi. Anati nyimbo imayesedwa pamsewu, anthu ali m'kati, injini ikulira. Choncho a Lombe ndi Olipa anakwera nawo ulendo wa masana wopita ku Nyimba, atapanikizana kutsogolo.

Atalowa mumsewu waukulu, Eddie anayatsa wailesi mwamantha ngati munthu wolawa tsabola. Kwaya inayamba. Palibe amene anatsinzina. Patapita kanthawi mayi wina kumbuyo anayamba kuimba nawo, mnzake nkumuthira mang'ombe. Khanda limene linali pamiyendo pa mayi wa mzere wachiwiri linagona kukamwa kuli yasa.

"A dalaivala, kwezaniko pang'ono," anatero bambo wina wachikulire.

Eddie anamenya chiwongolero ndi chisangalalo. "Mwamva, a Lombe? Mailo anali kuti nizimitse!"

Ku Nyimba anaima pafupi ndi amayi ogulitsa nthochi. Madalaivala ena anali pamthunzi, Kelly ndi Simon ali pomwepo. Eddie anatsegula zitseko zonse kuti nyimbo imveke.

"Bwelani mumve, imwe okamba kwambili! Ndani uja anati manja a mdala anakalamba?"

Anabwera, namvetsera, nagwedeza mitu. Simon anavula kapu. Apa a Lombe akanatha kungomwetulira ndi kulandira ulemu wawo, ndipo Olipa sakanawadandaula. Koma anatsika m'minibasi, naimirira pakati pa anyamatawo.

"Manja sanakalambe," anatero. "Makutu ndiwo anatha. Mawu ang'onoang'ono sinimamva, ndipo nadziwa lelo. Kelly, Simon, motoka zanu ninazilakwitsa. Mubwele nazo Loweluka tikakonze. Kuyambila lelo, nchito ikachoka pashedi panga, manja azakhala anga, koma makutu ni a mwana uyu. Iye akati yalasa, ndiye kuti yalasa."

Kenaka Kelly anati, "Ine nibwela m'mawa, nisanapeze mzele."

"Iwe ubwela pambuyo panga," anatero Simon, ndipo onse anaseka.

A Lombe anagula phava la nthochi, nabwerera kumpando wakutsogolo komwe Olipa anali atakhala. Anathyola imodzi namupatsa. Olipa anavula mahedifoni pakhosi, nawakulunga, nawaika m'thumba la zipangizo la atate ake. A Lombe anaona, nangotseka thumbalo.

Eddie anazimitsa wailesi ndi injini, napita kukaitanira anthu obwerera ku Petauke. Kwa nthawi yoyamba tsiku lonse, m'minibasi munalibe phokoso lililonse.

Ndi pamene Olipa anakamva. Kanali kamawu kakang'ono kopyapyala, kolira mosalekeza ngati udzudzu. Anayang'ana matwita, koma wailesi inali yozima. Anatseka khutu lakumanja ndi chala. Kamawu kanapitirira. Kanali m'khutu lake lakumanzere, ndipo anakumbukira kuti aka sikanali koyamba.

A Lombe ankasenda nthochi yawo mosangalala, ngati munthu amene watula katundu wolemera.

"Mulungu ananikonda," anatero. "Ananitengela makutu awili, nkunisungila ena awili abwinobwino." Anatembenuka, naona chala cha mwana wawo chili pakhutu. "Nanga ni chani, Olipa? Ukumva kanthu?"